Galimoto ziwiri za malemu: lipoti la nkhani ya kusintha umwini ku Mzuzu

Lipoti ili ndi la nkhani imene ofesi yathu ya zamalamulo kuno ku Mzuzu inayendetsa poimira mayi wina wa ku Chibavi, amene amuna awo anamwalira osasiya wilo. Maina ndawasiya dala, pamodzi ndi zina zonse zimene zikanaulula banjalo. Ndalemba poganizira anzanga amene amathandiza anamfedwa pa nkhani za chuma cha masiye, komanso mabanja eniakewo, chifukwa pa katundu yense amene munthu amasiya, galimoto imavuta mwamtundu wake. Imayenda, ndiye ikhoza kugona ku Mzuzu n'kukadzukira ku Dedza. Imalowetsa ndalama tsiku ndi tsiku, ndiye aliyense amaifuna. Ndipo dzina la mwini wake lili m'kompyuta ya boma, imene sidziwa zomwe abale anagamula pa tsiku la kumeta.

Banja ndi galimotozo

Malemu kwawo kunali ku Dedza, mayiwo ku Nkhotakota. Ukwati wawo unali wa chinkhoswe, sanapite kutchalitchi kapena kwa DC, choncho setifiketi ya ukwati panalibe. Chinawabweretsa ku Mzuzu ndi geni. Bambowo ankapikula mpunga wa Kilombero ku Karonga n'kumagulitsa kuno ndi ku Lilongwe, mayiwo ankakhala pa benchi mumsika waukulu. Ankakhala nyumba ya lendi. Ana awo ndi atatu, wamkulu ali ku sekondale, wamng'ono sanayambe sukulu. Palinso mnyamata wina wa malemu, wobadwa ukwatiwu usanayambe, amene anakulira kwa mayi ake ku Kasungu ndipo malemu ankamulipirira ku koleji ya zaumisiri. Kumudzi ku Dedza kuli mayi awo a malemu, okalamba, amene feteleza ndi ndalama ya sopo zinkachokera ku Mzuzu.

Kupatula ndalama zochepa ku banki ndi matumba a mpunga amene anatsala, chuma chenicheni chinali galimoto ziwiri. Yoyamba ndi Toyota Sienta imene malemu anaitanitsa okha ku Japan, inadzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe. Msonkho wa ku MRA unalipidwa, inalembetsedwa m'dzina lawo, ya manambala ofiira, ndipo inkanyamula anthu pa msewu wa Mzuzu ndi Nkhata Bay. Dalaivala wake anali mphwawo, mwana wa mlongo wawo wamkulu, amene madzulo aliwonse ankabweretsa tageti kunyumba. Yachiwiri ndi lole ya Canter yonyamulira mpunga, imene anagula kwa munthu wina wa ku Mzimba. Ndalama anamaliza kupereka, koma dzina sanasinthe.

Bambowo atamwalirira kuchipatala, thupi linapita ku Dedza, ndipo lole ija ndi imene inanyamula anthu operekeza maliro. Siinabwerenso. Pa tsiku la kumeta, atsibweni a malemu, omwe ndi mwini mbumba, anagawa katundu pamaso pa abale. Malinga ndi mayiwo, mawu awo anali akuti: "Inu mayi, ziwiya za m'nyumba ndi zanu, palibe akulandani. Koma galimoto ndi za mbumba." Sienta anaipereka kwa mphwake uja, lole kwa mchimwene wa malemu wa kumudziko. Mayiwo sanayankhe kanthu, ndipo munthu amene waikapo mwamuna wake kumudzi kwa eniake akudziwa chifukwa chake. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti ma blue book onse awiri, mapepala a umwini wa galimotozo, anali m'sutikesi ku Chibavi, ndipo palibe anawafunsa tsiku limenelo.

Masabata oyamba mphwake uja ankabweretsabe tageti, kenako theka, kenako basi. Mayiwo anafika ku ofesi kwathu patapita miyezi ingapo, fizi ya mwana wa ku sekondale itavuta.

Zimene lamulo likunena, ndi chifukwa chake atsibweni ankaganiza mwina

Lamulo loyendetsa nkhanizi ndi Deceased Estates Act ya 2011, imene inalowa m'malo mwa Wills and Inheritance Act ya 1967. Mbiri imeneyi ndimaitchula kwa mabanja chifukwa akuluakulu ambiri sakhala akunama dala. Pansi pa lamulo la 1967, mwamuna wa ukwati wa chikamwini akamwalira osasiya wilo, mkazi, ana ndi omudalira ankalandira magawo awiri mwa asanu, atatu otsalawo n'kupita kwa olowa m'malo mwa mwambo. Kumadera a malowolo ankagawa pakati. Atsibweni aja anakulira m'nthawi imeneyo ndipo anaonapo chuma chikugawidwa chotero boma likuvomereza. Kuwatenga ngati akuba pa tsiku loyamba sikuthandiza aliyense.

Koma lamulo linasintha, ndipo linasinthiratu. Gawo 4 likuti palibe angalandire chuma cha womwalira potsamira mwambo. Gawo 17 likuti munthu akamwalira opanda wilo, chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankamudalira. Ana ndi onse, a m'banja ndi a kunja komwe. Omudalira si aliyense amene ankadya pakhomopo: ndi kholo limene malemu ankalisamala, kapena mwana wosakwana zaka za uchikulire amene ankamuphunzitsa, osatha kudzidalira okha. Choncho pa nkhaniyi oyenera kulandira anali mayiwo, ana atatu a ku Chibavi, mnyamata wa ku Kasungu, ndi agogo a ku Dedza. Mphwake, mchimwene ndi atsibweni mulibemo.

Gawo lomwelo likupereka mfundo za kagawidwe. Choyamba ndi kuteteza banja ndi omudalira kuti asavutike. Namfedwa amasunga ziwiya za m'nyumba mwake. Zotsala zimagawidwa pakati pa namfedwa, ana ndi makolo a malemu, mwana wamng'ono n'kulandira zochulukirapo kuposa wamkulu, ndipo pa geni lamulo limatenga kuti namfedwa anaikapo dzanja pokhapokha wina abweretse umboni wotsutsa. Limanenanso kuti kukwatiwanso sikumulanda munthu zimene analandira, kupatula za pa malo a mafumu. Mfundo imeneyi inafunika, chifukwa funso loyamba la atsibweni litafika linali lakuti, "Nanga akadzakwatiwa, galimoto ya mwana wathu idzayendetsedwe ndi mwamuna wina?"

Gawo 84 ndi la kulanda chuma cha masiye. Munthu wosayenera akatenga, kugwiritsa ntchito kapena kugulitsa katundu wa womwalira, ndi mlandu wa chindapusa ndi ndende ya zaka 10, ndipo khoti limalamula kuti katunduyo kapena mtengo wake ubwezedwe.

Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti ngakhale namfedwa weniweniyo sangangodzuka n'kukasintha dzina pa galimoto. Kukhala woyenera kulandira ndi kwina, kukhala ndi mphamvu yosuntha katundu ndi kwinanso. Mphamvuyo imachokera ku khoti: ngati pali wilo, khoti limaitsimikizira ndi pepala la probate, ngati palibe, limapereka letters of administration kwa munthu kapena anthu oti ayendetse chumacho. Popanda pepala limeneli palibe angasainire m'malo mwa malemu, kaya ku banki kaya ku Road Traffic.

Kuimitsa Sienta

Tisanayambe za ku khoti, tinayamba ndi kufufuza kuti galimotozo zili pati ndipo zili bwanji. Pa nkhani za chuma cha masiye anthu amakonda kunena kuti mlandu suwola, koma galimoto imawola, ndipo imawola msanga ikakhala m'manja mwa munthu amene akudziwa kuti tsiku lina adzamulanda. Sasintha oilo, sagula matayala, amangokama.

Za Sienta zinali zoopsa kuposa mmene mayiwo ankaganizira. Inshuwalansi inali itatha, COF (chiphaso chotsimikizira kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) itatsala pang'ono kutha, ndipo mnyamatayo ankayenda m'bandakucha ndi madzulo pozemba apolisi a pamsewu. Amene akuudziwa msewu wotsikira ku Nkhata Bay, ndi zitunda zake ndi makona ake, aganize galimoto yodzaza anthu yopanda inshuwalansi ikutsika kuli nkhungu. Road Traffic Act ya 1997 imafuna kuti galimoto iliyonse ya pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Ikanachita ngozi, ovulala akanasumira chuma cha malemu, ndipo ana aja akanataya lole, mpunga ndi kandalama ka ku banki komwe polipira ngozi ya galimoto imene sinkawabweretsera ngakhale tambala.

Tinamvanso kuti mnyamatayo anali atakumana kale ndi dobadoba wina amene anamulonjeza kuti dzina lisintha popanda za ku khoti, bola apeze blue book kapena akanene kupolisi kuti inatayika. Tsiku lomwelo tinalembera kalata ofesi ya Road Traffic kuno ku Mzuzu, yodziwitsa kuti mwini galimotoyo anamwalira, blue book ili ndi namfedwa, ndipo pasachitike kusintha kulikonse popanda pepala la ku khoti. Kalata yotere siwononga ndalama, ndipo ndimalangiza kuti ilembedwe sabata yoyamba ya nkhani iliyonse ya mtunduwu. Ina inapita ku kampani ya inshuwalansi, ina kwa mphwake, ina kwa mchimwene ku Dedza, ziwiri zomalizazi zikutchula gawo 84 ndi kuwaitanira ku zokambirana.

Njira yopita kupolisi, ku Victim Support Unit, inalipo, ndipo yokatenga chiletso ku khoti inalinso yotsegula. Mayiwo ndinawauza zonsezi. Maganizo anga anali akuti tiyambe ndi kukambirana, osati chifukwa choopa abale, koma chifukwa ana atatu aja kwawo kwa bambo awo ndi ku Dedza, manda a bambo awo ali komweko, ndipo adzafuna kupitako. Mlandu wapolisi ukayamba, njira imeneyo imatsekeka kwa zaka. Koma ndinaika malire: Sienta ikapanda kuima pofika tsiku limene tinalemba m'kalata, tikapita kupolisi osabwereranso m'mbuyo. Kukambirana kopanda tsiku lomaliza kumangopatsa wolanda nthawi yomalizira kudya.

Atsibweni anabwera pa basi, mphwake anabwera ndi makiyi m'thumba. Mnyamatayo analankhula ndi mtima wowawa ndithu: "Azakhali, galimoto iyi ndaiyendetsa kuyambira tsiku limene inafika. Malume ankanena okha kuti idzakhala yanga." Atsibweni anavomereza kuti mawuwo anawamvapo. Apa panafunika kufotokoza mosamala. Wilo iyenera kukhala yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zimasaina. Mawu apakamwa si wilo. N'zoona kuti gawo 17 limalola khoti kuganizira zofuna zimene malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika, koma limatero pogawa pakati pa namfedwa ndi ana, osati polowetsa munthu amene lamulo silikumuwerengera. Malemu akanafunadi kumupatsa galimotoyo, njira zinali ziwiri: kupita naye ku Road Traffic ali moyo, kapena kulemba wilo. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

Chimene chinatembenuza atsibweni si ndende ya zaka 10 ayi. Chinali kumva kuti mlongo wawo, mayi a malemu, ali m'gulu la olandira, ndi kuti lole ikamagwira ntchito kwa mchimwene ndiye kuti agogowo gawo lawo likudyedwa ndi mwana wawo yemwe. Anakhala chete nthawi ndithu, kenako anauza mnyamatayo kuti, "Pereka makiyi kwa azakhali ako." Sienta inakaima pa mpanda wa mnzawo wa mayiwo ku Katoto, batire itachotsedwa, makaniko akumabwera kudzailiza. Kuimitsa galimoto imene ikanabweretsa ndalama ya ndiwo si chinthu chophweka kuuza mayi wa ana atatu, koma kuyenda nayo mmene inalili kunali kuika chuma chonse pa ngozi.

Mapepala a ku khoti

Lamulo la 2011 limalola kuti chuma chochepa chithere kwa majisitireti, koma malire ake ndi otsika moti galimoto imodzi yoyenda bwino imawapitirira. Ifeyo tinapita ku High Court, nthambi ya ku Mzuzu. Banja limene silingathe kulipira loya likhoza kupita ku Legal Aid Bureau, kapena kupereka chumacho m'manja mwa Administrator General, amene m'maboma amagwira ntchito kudzera kwa DC. Tinafufuzanso ngati malemu anasungitsa wilo kwinakwake, osaipeza.

Pepala loyamba ndi setifiketi ya imfa yochokera ku National Registration Bureau. Mayiwo anali ndi kalata ya kuchipatala yokha, imene anthu ambiri amaiyesa setifiketi. Setifiketiyo itatuluka, panaoneka vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri: dzina la pa chiphaso cha unzika, chimene malemu anatenga pa kalembera wa 2017, linali ndi mfunda wawo, pamene la pa blue book ya Sienta linathera pa dzina la bambo awo. Kwa achibale ndi munthu mmodzi, kwa kalaliki ndi anthu awiri. Tinakonza chikalata cholumbira chakuti maina awiriwa ndi a munthu yemweyo, ndipo tinaonetsetsa kuti onse awiri alembedwe m'pempho la ku khoti, kuti atulukenso onse pa letters of administration. Kuiwala zimenezi kumabweza munthu ku khoti atafika kale pa kauntala ya Road Traffic.

Ukwati tinautsimikizira ndi malumbiro a ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Malamulo aakulu a dziko lino amavomereza ukwati wa mwambo, ndipo Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015 imautenga kukhala wofanana ndi maukwati ena onse. Nkhoswe ya kuchimuna inazengereza poyamba poopa abale, koma atsibweni atafewa inasaina.

Povuta kwenikweni panali pa mnyamata wa ku Kasungu. Mayiwo sanafune kuti dzina lake lilowe m'mapepala. Anati, "A loya, ine ndi amene ndinapsa ndi dzuwa pa benchi. Mayi ake anaikapo chiyani pa galimoto zimenezi?" Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake ndi lakuti mayi akewo salandira kalikonse, koma mwanayo ndi mwana wa malemu chimodzimodzi atatu enawo. Ndinawauza mosabisa kuti sindingakapereke ku khoti lumbiro lobisa mwana amene tonse tikumudziwa. Kupatula kuti ndi bodza pa lumbiro, pepala lotengedwa mobisa zoona khoti likhoza kulilanda, ndipo zonse zimene zachitika ndi pepalalo, kuphatikizapo dzina la pa galimoto, zimayamba kukayikitsa. Lamulo lomwe linawateteza kwa atsibweni ndi lomwelo likuteteza mnyamatayo kwa iwo. Thukuta lawo la pa benchi silinatayike: lamulo limaliwerengera pogawa, ndipo mnyamatayo pokhala wamkulu pa ana onse, amenenso analandira kale thandizo la sukulu, gawo lake linali locheperapo. Zinatenga nthawi kuti avomere. Atavomera, anamuimbira okha foni.

Oyendetsa chuma tinapempha kuti akhale awiri: mayiwo, ndi mlongo wamng'ono wa malemu, mphunzitsi ku Lilongwe, amene mbali zonse zinkamukhulupirira. Pamene pali ana aang'ono ndi abale okayikirana, anthu awiri osainira limodzi amachotsa manong'onong'o ambiri. Tinalemba mndandanda wa chuma ndi ngongole, galimoto zonse ziwiri zinaonedwa mtengo ndi munthu wodziwa ntchitoyo, mapepala a msonkho wa chuma cha masiye anapita kwa oyenera kuwaunika, ndipo panapezeka anthu oikira chikole kuti oyendetsawo adzagwira ntchito mokhulupirika. Palibe anatsutsa pempholi, ndipo khoti linapereka letters of administration.

Pepalalo litatuluka, olandira onse anasainirana kagawidwe. Galimoto siidulidwa pakati, choncho anagwirizana kuti Sienta ikhale m'dzina la mayiwo ngati gawo lawo ndi la ana atatu aja, mayiwo n'kusainira kuti magawo a anawo akuwasungira. Lole igulitsidwe, pa ndalama zake pachoke ngongole, gawo la mnyamata wa ku Kasungu ndi la agogo, zotsala zipite ku akaunti ya sukulu ya ana.

Ku Road Traffic

Ofesi imene tonse timangoti Road Traffic dzina lake lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, ndipo kuyambira 2015 ntchito zake zimayenda pa makina a MalTIS amene amazindikira munthu ndi chithunzi ndi zidindo za zala. Pogulitsana galimoto, wogulitsa ndi wogula amaonekera n'kudinda chala. Njira imeneyi inaikidwa pofuna kutseka kuba galimoto pa mapepala, ndipo ndi yomweyo imene imaimitsa banja la womwalira: chala cha mwini wake kulibe. Chimene chimalowa m'malo mwake ndi pepala la ku khoti ndi anthu amene latchula.

Mayiwo anali ndi mantha akuti sangalembetse galimoto chifukwa alibe laisensi. Kukhala mwini galimoto sikufuna laisensi yoyendetsera. Chofunika ndi kulembetsa m'kaundula wa MalTIS n'kutenga traffic register card, ndipo izi tinawachititsa tikudikira khoti kuti zisadzatichedwetse.

Tinapita ndi setifiketi ya imfa, letters of administration ndi makope ake otsimikiziridwa, blue book, ziphaso za unzika za oyendetsa chuma onse awiri, lumbiro la maina lija, mgwirizano wa kagawidwe, ndi kalata ya oyendetsa chuma yopempha kuti Sienta ilembedwe m'dzina la mayiwo. Aphunzitsi aja anabwera kuchokera ku Lilongwe kuti aonekere okha. Fayilo yotere siithera pa kauntala wamba, imakwera kwa akuluakulu kuti aunike mapepala, choncho munthu asayembekezere kutuluka ndi zonse tsiku lomwelo. Pakhomo madobadoba anawazungulira mayiwo monga amachitira ndi aliyense wooneka wachilendo. Ndinali nditawauziratu kuti pepala lililonse likhale m'manja mwawo, ndalama iliyonse ilipidwe pamalo ovomerezeka ndipo lisiti lisungidwe, chifukwa woyendetsa chuma amadzafotokoza tambala iliyonse.

Dzina litasintha, panatsala zitatu galimoto isanabwerere pa siteji: COF yatsopano, inshuwalansi m'dzina la mwini watsopano yovomereza kunyamula anthu, ndi chilolezo chonyamulira anthu, popeza chakale chinali cha malemu. Dalaivala watsopano tinamufunsa laisensi ndi chiphaso chake choyendetsera galimoto ya anthu, ndipo mgwirizano wa tageti ndi malipiro unalembedwa.

Lole

Iyi ndi imene inadya nthawi, ndipo inadya ndalama za ana. Pa makina a boma loleyo sinali ya malemu. Letters of administration imapereka mphamvu pa katundu wa malemu, koma ku Road Traffic dzina linali la munthu wina wamoyo, amene pepala lathu silikumukhudza. Mchimwene wa ku Dedza atazindikira izi anasintha nyimbo: "Alamu, mukuti lole ndi ya amuna anu, taonetsani pamene palembedwa dzina lawo." Munthu yemweyo amene anailandira pa kumeta ngati chuma cha mbale wake.

Blue book si umboni wokhawo wa umwini. Kugulana kunachitika, ndalama zinaperekedwa, katundu anaperekedwa, chimene chinatsala ndi kulembetsa. Koma izi zimafuna umboni, ndipo mwayi unali wakuti malemu ankasunga mapepala. M'sutikesi muja munapezeka mgwirizano wolembedwa pamanja pa tsamba la kope, wosainidwa ndi onse awiri ndi mboni ziwiri, wotchula nambala ya lole ndi mtengo, komanso masilipi a ku banki ogwirizana ndi mtengowo. Popanda tsamba limenelo, nkhaniyi ikanakhala mawu a mayi wamasiye polimbana ndi kompyuta ya boma, ndipo wogulitsa uja akanafuna akanatha kuitenga loleyo n'kuigulitsanso.

Chizolowezi chogula galimoto osasintha dzina chafala kwambiri kuno. Anthu amaopa mizere ndi ndalama zolipira, amati tidzasintha tikapeza mpata, ndipo galimoto ina imadutsa m'manja mwa anthu atatu dzina likadali la woyamba. Wogulitsa naye amakhala pa ngozi, chifukwa galimotoyo ikapalamula dzina lotuluka ndi lake. Ndikaona mapepala a munthu wamoyo ali chonchi ndimamuuza kuti apite sabata yomweyo, ngakhale atabwerera nkhani ina.

Wogulitsayo anali ku Johannesburg, monga achitira anyamata ambiri a ku Mzimba. Tinamupeza kudzera mwa mmodzi wa mboni zija, n'kuyamba kulankhulana pa WhatsApp. Sanakane kuti anagulitsa, koma anafuna kuti banjalo limuganizire kangachepe asanabwere kudzadinda chala. Oyendetsa chuma alibe mphamvu yopereka ndalama za ana amasiye pa chinthu chimene chinalipidwa kale, ndipo tinamuuza kuti akakana tikapempha khoti kuti ligamule za umwini, ndalama za mlandu zikhoza kumugwera. Tinavomera chinthu chimodzi chokha, kumulipirira ulendo wochoka kwawo ku Mzimba kufika ku Mzuzu akabwera ku tchuthi cha Khirisimasi, ndipo izi zinalembedwa m'buku la ndalama.

Pamene tinkadikira, loleyo inali ku Dedza. Mchimwene anainyamulitsa mbatata ya kachewere mpaka giyabokosi inafa, n'kuisiya pa miyala mvula yonse ikuithira. Kuti ituluke panafunika kope la pepala la ku khoti, kalata yachiwiri yotchula gawo 84, ndi agulupu a m'deralo amene anaitana mbali zonse pabwalo. Atsibweni anaima mbali ya ana pa bwalo limenelo. Loleyo inapezeka yopanda batire, matayala awiri atasinthidwa ndi akutha. Inakonzedwa pang'ono kuti iyende, n'kubwera ku Mzuzu.

Mu Disembala wogulitsa uja anafikadi. Analumbira kuti loleyo anaigulitsa kwa malemu ndipo analandira ndalama zonse. Wogula anali atapezeka kale, munthu wonyamula matabwa a ku Chikangawa, ndipo dzina linachoka kwa wogulitsa woyambayo kupita kwa iyeyo, mgwirizano wa malonda utasainidwa ndi oyendetsa chuma awiri aja, ndalama n'kulowa mu akaunti ya chuma cha malemu. Mtengo wake unatsika kwambiri poyerekeza ndi umene ukanapezeka mwezi wa maliro. Oyendetsa chuma anali ndi ufulu wosumira mchimwene pa kuwonongekako. Ataunika kuti munthuyo alibe choti n'kugwira, ndi kuti mlandu ukanadya zotsalazo, anasankha kusasuma, ndipo chifukwa chake anachilemba, olandira akuluakulu n'kusainira.

Pamene nkhaniyi yafika

Sienta ikuyenda, fizi ikulipidwa. Mnyamata wa ku Kasungu analandira gawo lake n'kusainira. Gawo la agogo banja linagwirizana kuti lizipita pang'onopang'ono kudzera mwa mwana wawo wa ku Lilongwe, kuti lisathere m'manja mwa ena kumudzi.

Chatsala ndi nkhani ya mphwake. Wolandira chuma sali, koma wabweretsa dandaulo lina limene silingakankhidwe: akuti malume ake ankamudula gawo la malipiro mwezi ndi mwezi n'kumamusungira kuti adzagule njinga yamoto ya kabaza. M'kope la malemu mulidi mizere ya dzina lake ndi ndalama pambali pake. Ngati ndi choncho, imeneyo ndi ngongole ya malemu, ndipo ngongole zimalipidwa chuma chisanagawidwe, n'chifukwa chake tinapatula ndalama zina za lole kuti zidikire. Mbali inayi, iyeyo ali ndi ngongole ya tageti ya miyezi yonse imene anayendetsa Sienta osapereka kanthu. Iye akuti zambiri zinathera ku mafuta, kwa makaniko ndi ku zindapusa za pamsewu, koma malisiti alibe. Tamupempha kuti alembe zimene akukumbukira mwezi ndi mwezi, ndipo mayiwo abweretsa kope lawo la tageti la nthawi imene malemu anali moyo kuti tione zimene galimotoyo inkalowetsa. Zikagwirizana, ngongole ziwirizi zidzachotserana ndipo wotsala ndi ngongole adzalipira mnzake. Zikakanika, oyendetsa chuma adzapempha khoti kuti liwaunikire, ndipo buku lomaliza la ndalama lidzatsekedwa pambuyo pa chigamulocho.